Bwana Akasanduka Kochi

M'chigawo chino timakambirana za ntchito ndi malonda amene amadyetsa mabanja athu, ndipo ulendo uno tatenga nkhani ya mabwana. Tikati bwana sitikunena okhawo a tayi pakhosi a m'maofesi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe ai. Mwini chilimira amene ali ndi alovi ake ndi bwana. Telala wa pakhonde amene ali ndi anyamata awiri pa makina ndi bwana. Mayi amene ali ndi malo odyera pa Mangochi, pa Salima kapena pa Nkhotakota, nalemba atsikana atatu omuthandiza, nayenso ndi bwana. Choncho nkhaniyi ikukhudza makomo ambiri a kunyanja kuno.

Masiku ano anthu ophunzitsa za utsogoleri akulangiza mabwana kuti achepetse kulamula, ayambe kukhala ngati kochi kwa antchito awo. Mau akuti kochi tinawadziwira ku mpira. Ambiri tikukumbukira mwezi wa January chaka cha 2010 ku Angola, pamene Flames inagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0. Kochi anali Kinnah Phiri, munthu amene pa unyamata wake anali katswiri wogoletsa zigoli. Koma tsiku limenelo iye sanalowe m'bwalo kukathamanga. Anaima kunja kwa mzere, ndipo ntchito yake inaonekera m'miyendo ya anthu ena. Tanthauzo lake ndi limenelo: bwana amene ndi kochi amayesedwa ndi zimene anthu ake angathe kuchita iye ali pambali.

Pokamba nzokoma, koma ambiri amene ayesapo amabwerera msanga ku khalidwe lakale lokalipa, nati, "Antchito a masiku ano ngosamva." Ife tikuona kuti chovuta chenicheni pa nkhaniyi chimakhala mwa bwana mwini wake, pakuti woyenera kusintha kwambiri ndi iyeyo. Kuti timvane bwino, tiyeni tiyambe taona zimene zinachitika pa fakitale ina ya magalimoto kutali ndi kuno.

Anthu omwewo, ntchito yosiyana

Kumadzulo kwa dziko la America, m'chigawo cha California, kuli tauni yotchedwa Fremont. Kumeneko kampani ya General Motors inali ndi fakitale yaikulu, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 inali itatchuka ndi mbiri yoipa. Pa antchito 100 aliwonse, pafupifupi 20 ankajomba tsiku ndi tsiku. Ena ankamwa mowa ali pa ntchito. Madandaulo a antchito anali ataunjikana zikwizikwi popanda woweruza.

Galimoto m'fakitale imapangidwa ikuyenda pang'onopang'ono pa mzere, wantchito aliyense n'kumangapo chitsulo chake m'kanthawi ka pafupifupi mphindi imodzi. Ku Fremont lamulo lalikulu linali lakuti mzere usaime. Bauti ikapanda kumangika bwino, galimoto inkangopitirira, ena n'kumangira zina pamwamba pake, ndipo cholakwikacho chinkakakonzedwa galimoto itatha kale. Ntchito ya kapitawo inali yoyang'anira kuti mzere ukuyenda ndi kukalipira aliyense wochedwa. Mu 1982 fakitaleyo inatsekedwa, ndipo ambiri anati olakwa ndi antchito.

Mu 1984 fakitale yomweyo inatsegulidwanso, General Motors itagwirizana ndi Toyota, dzina limene tonse timalidziwa chifukwa cha maminibasi a m'misewu yathu. Kampani yatsopanoyo inatchedwa NUMMI, ndipo oiyendetsa anali a Toyota. Chodabwitsa nchakuti antchito ochuluka amene analembedwa anali omwe aja ankatchedwa alesi ndi osamva. Mazana angapo a iwo anatumizidwa ku Japan, ku fakitale ya Toyota ya ku Takaoka, kukagwira ntchito limodzi ndi eni ake kwa masabata angapo.

Kumeneko anakaona chingwe cholendewera pamwamba pa mzere. Wantchito aliyense akaona cholakwika, kapena akaona kuti ntchito ikumupitirira, ankakoka chingwecho. Nyali inkayaka, kanyimbo n'kulira, ndipo mtsogoleri wa gulu ankathamangira pomwepo kudzathandiza. Vuto likapanda kutha m'kanthawi kaja, mzere wonse unkaima. Wokoka chingwe sankalangidwa. Pambuyo pake mtsogoleri ankakhala naye pansi kumufunsa maganizo ake a momwe angachitire kuti zimenezo zisachitikenso.

Galimoto yoyamba ya NUMMI, Chevrolet Nova, inatuluka mu December 1984. Pasanathe zaka ziwiri, magalimoto a ku Fremont anali ndi zolakwika zochepa koposa a mafakitale ena onse a General Motors, ndipo kujomba kunatsika mpaka pansi pa anthu 5 pa 100 aliwonse. Nyumba inali yomweyo, anthu omwewo, bungwe la apantchito lomwelo. Chimene chinasintha ndi ntchito ya woyang'anira. Gulu lililonse linali la anthu ochepa, asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo mtsogoleri wake anayenera kudziwa ntchito ya aliyense, kuphunzitsa, kulowa m'malo mwa wodwala, ndi kuyankha chingwe chikakokedwa.

Mwina mukuti, "Ngati zili choncho, bwanji mabwana onse osangotengera?" Apa mpamene pagona nkhani. General Motors yomwe, ngakhale inali ndi chitsanzo m'manja mwake, inatenga zaka zambiri isanathe kuchifalitsa m'mafakitale ake ena. Miyala imene inawakhumudwitsa iwo ndi yomwe imakhumudwitsa mwini boti ndi mwini sitolo kuno kwathu.

Woweruza ndi mphunzitsi pa mpando umodzi

Mwala woyamba ndi wakuti bwana ndi amene amagwira malipiro. Ndi iye amalemba, ndi iye amachotsa, ndi iye amadula ndalama. Tsono munthu yemweyo akabwera mawa lake nati, "Undiuze pamene ukulephera kuti ndikuthandize," wantchito wanzeru amayamba waganiza kawiri. Palibe amene amaonetsa chilonda chake kwa munthu wogwira chikwapu.

Taganizirani mnyamata wa pa injini ya boti amene wazindikira ali pakati pa nyanja kuti sanasakanize oyilo wokwanira mu petulo. Akanena msanga, injini ipulumuka. Akakhala chete, mwina afika kumtunda bwinobwino, injini idzafa sabata yamawa popanda wodziwa chifukwa chake. Chimene angasankhe chimadalira zimene anaona zikuchitikira mnzake amene ananenapo zoona mwezi watha. Ngati mnzakeyo anatukwanidwa pamaso pa anthu padoko n'kudulidwa gawo lake, mnyamatayu sanena kanthu, ndipo bwana adzalipira injini yatsopano.

Mphamvu ya chingwe cha ku Takaoka inali mu zimene mtsogoleri ankachita chikakokedwa. Bwana amene akufuna kukhala kochi ayenera kudziwa kuti tsiku loyamba limene wantchito adzamubweretsere nkhani yoipa, maso onse adzakhala pa iye. Akathokoza kaye chifukwa chonena msanga, nafunsa kuti zinayenda bwanji, ena adzalimba mtima. Akakalipa, zimene anakamba pa msonkhano zonse zathera pomwepo.

Sitikunena kuti chilango chithe. Kuba, kunama, kubwera pa ntchito utaledzera, izi nzofunika chiweruzo, ndipo bwana asachite nazo manyazi. Koma kusadziwa si mlandu. Nzeru ndi yakuti bwana azisiyanitsa nthawi ziwirizi ndipo azinena poyera mpando umene wakhalapo. Tsiku lokambirana za malipiro kapena chenjezo likhale lake, ndipo nthawi yophunzitsana ikhale yake. Zimene wantchito waulula pa nthawi yophunzitsana zisadzatulukirenso pa tsiku lolandira ngati chifukwa chomudulira ndalama. Zikatuluka kamodzi kokha, chikhulupiriro chatha.

Manja oyabwa

Mwala wachiwiri ndi luso la bwana mwini wake. Ambiri anafika pa ubwana chifukwa chakuti ankaposa anzawo pa ntchito. Telala wamkulu akaona mnyamata akuvutika kulumikiza mkono wa malaya, manja amamuyabwa. Mphindi sizitha, wamva kale akuti, "Tachoka apo ndichite ndekha." Malaya aja asokedwa bwino ndithu, koma mnyamata waphunzira chinthu chimodzi chokha: kuti zikavuta aziyembekeza abwana. Mawa adzabweranso ndi vuto lomwelo, ndipo abwana adzadandaula kuti chilichonse chimadikira iwo.

Mngelezi wina dzina lake John Whitmore, amene poyamba anali katswiri wa mpikisano wa magalimoto, analemba buku mu 1992 limene linafalitsa kwambiri ganizo lakuti bwana aziphunzitsa pofunsa mafunso. Njira imene ankalimbikitsa ili ndi masitepe anayi. Ufunse munthuyo chimene akufuna kukwaniritsa, ufunse pamene zinthu zili tsopano, ufunse njira zimene iye akuziona, ndipo pomaliza ufunse imene asankhe ndi tsiku limene ayambe. Cholinga nchakuti yankho lichokere mwa wantchitoyo, pakuti nzeru imene munthu waipeza yekha saiiwala msanga.

Kuno kwathu njira imeneyi imakumana ndi mwambo. Tinaleredwa kuti mwana sayankhana ndi wamkulu, ndipo mwambowu ngwabwino. Koma pa ntchito umachititsa kuti bwana akafunsa, "Iwe ukuona bwanji?" mnyamata angozyolika n'kuti, "Mmene mwaneneramo, bwana." Akafunsidwa kuti, "Wamva?" yankho limakhala "Eya" ngakhale sanamve kanthu. Bwana wosaleza mtima amatenga kukhala chete kumeneku ngati umbuli, n'kuyankha yekha funso lake. Paja amati kuona maso a nkhono nkudekha. Funsani, ndipo dikirani ndithu ngakhale patapita kanthawi. Funsani muli awiri, osati pagulu. Mmalo mwa "Wamva?" nenani kuti, "Tandionetsa mmene uchitire." Manja ake adzakuuzani zimene pakamwa pake pakuopa kunena.

Komanso bwana adziwe nthawi yake. Mwera ukauka boti lili pakati pa nyanja, si nthawi yofunsa alovi maganizo awo. Pamenepo wamkulu amalamula ndipo onse amamvera. Mafunso amabwera boti litakocheza. Ndiponso munthu amene wangoyamba kumene ntchito sangapeze yankho mwa iye yekha, pakuti mulibe chimene chinaikidwamo. Ameneyo ayambe waonetsedwa.

Kudziwa ntchito kwina, kuphunzitsa kwina

Apa tafika pa mwala wachitatu. Mabwana ambiri palibe anawaphunzitsapo kaphunzitsidwe. Iwo anaphunzira poonerera ndi potukwanidwa, ndipo akuganiza kuti njira ndi yomweyo. Munthu amene wagwira ntchito zaka 20 amachita zinthu zambiri osaganizanso, mwakuti sadziwa kuti pali chofunika kufotokoza. Siginala wodziwa amaona madzi n'kuzindikira kuti usipa wasonkhana pansi pa nyali, koma mutamufunsa kuti wadziwa bwanji, angoti, "Zimaoneka."

Vuto limeneli linawagwera a ku America pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Amuna odziwa ntchito anapita ku nkhondo, ndipo mafakitale anadzaza ndi anthu atsopano, ambiri a iwo amayi amene anali asanagwirepo makina. Mu 1940 boma linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Training Within Industry, imene inayenda mpaka 1945. Ntchito yake inali kuphunzitsa akapitawo kaphunzitsidwe. Maphunziro ake anali a maola 10 okha, maola awiri pa tsiku kwa masiku asanu, ndipo kapitawo aliyense ankapatsidwa kakhadi koyenda nako m'thumba. Nkhondo itatha, maphunzirowa anafika ku Japan, ndipo Toyota inawatenga m'zaka za m'ma 1950. Choncho zina zimene antchito a ku Fremont anakaona ku Takaoka zinali nzeru yochokera kwawo komwe imene eni ake anali ataitaya.

Njira yake ndi yosavuta, ndipo mungathe kuigwiritsa ntchito mawa lomwe. Musanayambe, khalani pansi nokha muigawe ntchitoyo m'zigawo zing'onozing'ono. Pa chigawo chilichonse dzifunseni kuti, kodi chinsinsi chake nchiyani apa, ndipo chifukwa chake nchiyani? Kenaka mukonzekeretse wophunzirayo: mtima wake ukhale pansi, mudziwe zimene akudziwa kale, ndipo aime mbali imene mwaima inu kuti aone monga mukuonera. Chachiwiri, muonetseni ntchitoyo chigawo chimodzichimodzi, mukunena chinsinsi ndi chifukwa chake. Chachitatu, achite yekha inu mukuona, abwereze akufotokoza zimene akuchita, mpaka mutatsimikiza kuti wadziwa. Chachinayi, musiyeni agwire yekha, mumuuze wokamufunsa zikavuta, ndipo muzimuyendera pafupipafupi poyamba, n'kumachepetsa pang'onopang'ono.

Taonani kusiyana kwake. Bwana wina amangoti, "Ukaliza injini uziona kumbuyo." Wina amati, "Ukaliza injini, uone ngati kamadzi kakutuluka kumbuyoku. Kakapanda kutuluka, zimitsa msanga, chifukwa madzi amenewa ndi amene amaziziritsa injini, ndipo popanda iwo ipsa." Wachiwiriyu wapereka chifukwa, ndipo chifukwa ndi chimene chimakhala m'mutu. Mfundo yaikulu ya maphunziro aja inali yakuti wophunzira akalephera, woyamba kudzifunsa akhale mphunzitsi. Imeneyi ndi mfundo yowawa kwa bwana, pakuti kunena kuti mnyamatayu ndi mbuli nkosavuta kusiyana ndi kufunsa ngati tinamuonetsa bwino.

Nthawi ndi ndalama

Mwala wachinayi ndi umene mabwana amautchula kawirikawiri: "Nthawi ndilibe." Ndipo sakunama. Kuphunzitsa kumachedwetsa ntchito poyamba. Diresi imene telala akanaisoka m'mawa umodzi imatenga tsiku lonse m'manja mwa wophunzira, mwini wake akudikira pakhonde. Nthawi zina nsalu imaonongeka. Phindu la kuphunzitsa limabwera patapita miyezi, pamene kutaya kwake kumaoneka lero lomwe.

General Motors itayesa njira ya NUMMI pa fakitale yake ina ya ku Van Nuys, ku California komweko, zinthu sizinayende. China mwa zifukwa zake chinali chakuti oyang'anira ankayesedwabe ndi chiwerengero cha magalimoto otuluka, ndipo bonasi yawo inkadalira chimenecho. Tsono kapitawo angakondwe bwanji wantchito akaimitsa mzere? Pakamwa ankauzidwa kuti aziphunzitsa, koma m'thumba ankalipidwa chifukwa chothamangitsa anthu. Fakitale imeneyo inatsekedwa mu 1992.

Phunziro ili lipite kwa inu amene muli ndi manijala kapena kapitawo pansi panu. Ngati funso lanu la madzulo aliwonse ndi lakuti, "Lero zalowa zingati?" musadabwe kuona kapitawo wanu sakuphunzitsa munthu. Muzifunsanso kuti, "Mwezi uno ndani waphunzira chiyani chimene sankatha?" Munthu amasamala chimene amafunsidwa.

Ku NUMMI, m'chaka cha 1988, malonda a magalimoto anatsika kwambiri ndipo ntchito inachepa. Kampaniyo sinachotse anthu. Nthawi imene inatsalayo anaigwiritsa ntchito pophunzitsa ndi pokonza kagwiridwe ka ntchito. Nafenso nyengo zotere tili nazo. Mwezi ukawala, nyali sizikoka usipa ndipo maboti ambiri amakhala kumtunda. Miyezi ya mwera pali masiku amene nyanja siloweka. Telala amadziwa miyezi imene makasitomala amachepa, mayunifolomu a sukulu ndi zovala za zikondwerero zitadutsa. Masiku amenewa ndiwo sukulu yathu. Wophunzira kudula ayambire pa pepala kapena pa nsalu yakutha, kuti kulakwitsa kwake kukhale kotchipa. Ndipo nsalu imodzi ikaonongeka, muiwerengere ngati fizi. Palibe sukulu yaulere.

Ulemu ndi mantha

Mwala wachisanu ndi umene sutchulidwa, koma ndiwo waukulu. Bwana amaopa kuchepa. Ku NUMMI mabwana ndi antchito ankadyera m'kantini imodzi, ndipo panalibe malo apadera oimikapo magalimoto a akuluakulu. Kwa oyang'anira ena a General Motors zimenezi zinali zowawa, pakuti anavutikira zaka zambiri kuti apeze ulemu umenewo. Munthu amene wazolowera kuti anthu azinjenjemera akamadutsa amaona ngati kufunsa wantchito maganizo nkudzitsitsa.

Mantha ena ndi olandidwa malo. Tonse tikuwadziwa amisiri amene amaphunzitsa mnyamata kupinda ndi kusoka mabatani zaka zitatu, koma nthawi yodula nsalu ikafika amamutuma kumsika. Tikuwadziwa eni sitolo amene sauza munthu kumene amapikula katundu ndi mitengo yake. Amati, "Ndikamuphunzitsa zonse adzatsegula yake patsidya pa msewu, kapena adzathawira ku Joni." Tisanamizane, zimenezi zimachitika. Ena mwa amene mudzawaphunzitse adzachoka ndithu.

Koma tiyeni tiike mbali inayo pa sikelo. Bwana amene nzeru zonse zili m'mutu mwake sangadwale, sangapite ku maliro akutali, sangayende ulendo wa mwezi umodzi, chifukwa akangochoka ntchito imaima. Ndipo tsiku limene adzagone osadzukanso, bizinesi imaikidwa naye limodzi. M'midzi yathu taona makina osokera akuchita dzimbiri pakona, maukonde akuolera m'nyumba, injini ikugulitsidwa pa mtengo wolira, mayi wamasiye ndi ana atasowa pogwira, chonsecho bambo anali katswiri wodziwika dera lonse. Luso limene silinapatsidwe kwa wina limathera kumanda. Kuopa kuti wophunzira adzachoka nkwanzeru, koma kusiya banja lopanda wodziwa kuyendetsa chimene chimalidyetsa nkoopsa koposa.

Ndiponso wophunzira amene wachoka mwaulemu sakhala mdani. Ndi iye amakutumizirani makasitomala ntchito ikamuchulukira, ndipo kulikonse kumene apita amati, "Anandiphunzitsa ndi akutiakuti." Ulemu wa munthu woopedwa umatha tsiku limene wachoka pa mpando. Ulemu wa mphunzitsi umapitirira ngakhale manja ake atayamba kunjenjemera. Ngati mukuopa kutaya, pangani pangano loonekera pachiyambi, pamaso pa mboni: adzaphunzira zaka zingati, adzakugwirirani nthawi yaitali bwanji akatha, ndipo malipiro ake adzakwera liti. Chimene chimathawitsa anyamata ambiri ndi kuona kuti luso lawo lakula koma malipiro ali pomwe paja.

Pamene wantchito ndi mbale

Pali chinthu china chimene mabuku a kunja sakamba kwambiri, koma kuno ncha tsiku ndi tsiku. Antchito athu ambiri ndi abale: mphwathu, mlamu, mwana wa achemwali, mwana wathu weniweni. Kuphunzitsa mbale kuli ndi zovuta zake. Ukamudzudzula m'sitolo masana, nkhani imakafika kwa amayi ake madzulo. Ukamulekerera, antchito ena amaona kukondera ndipo amagwa ulesi. Bambo ndi mwana wake ndiye zimanyanya, pakuti bambo amakumbukirabe kamwana kamene kankalephera kumanga nsapato, osaona kuti tsopano ndi munthu wa ndevu.

Chothandiza ndi kuika muyeso umodzi kwa onse, wachibale ndi wobwera, ndi kuunena poyera. Za ntchito zithere ku ntchito, zisakafike pa mphasa yodyera. Ndipo nthawi zina nzeru ndi kutumiza mwana wako kukaphunzira kwa mmisiri mnzako, iwe n'kulandira mwana wa mnzakoyo. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Musaiwalenso ana aakazi ndi amayi a m'nyumba. Mayi amene akudziwa mabuku a ndalama, odziwa kumene katundu amachokera ndi amene ali ndi ngongole, ndiye mpanda wa banja tsiku la mavuto.

Tiyambire pati?

Fakitale ya NUMMI inatsekedwa mu 2010, General Motors itatulukamo chaka cha 2009 pamene inagwa m'mavuto aakulu a zachuma, ndipo nyumbayo inagulidwa ndi kampani ya Tesla. Koma phunziro lake likadalipo. Antchito amene ankanenedwa kuti ngosatheka anasintha m'miyezi yowerengeka. Amene anatenga zaka zambirimbiri kuti asinthe anali mabwana.

Sitikukupemphani kuti musinthe zonse nthawi imodzi, paja kuthamanga sikufika. Miyezi itatu ikubwerayi sankhani munthu mmodzi ndi ntchito imodzi imene mpaka lero mumaigwira nokha: kudula nsalu, kulemba buku la ndalama, kupikula katundu, kapena kukonza injini. Igaweni m'zigawo, muonetseni, mulole achite, ndipo manja anu muwaike kumbuyo ngakhale akuyabwa. Akabwera kudzanena kuti walakwitsa, mau anu oyamba akhale othokoza. Kenaka sankhani tsiku limodzi muchokepo, mupite kukaona abale kumudzi, foni muiike m'thumba. Zimene mudzapeze pobwera zidzakuuzani pamene mwafika ndi pamene mufunika kubwereza.

Inunso amene muli pansi pa bwana, mbali yanu ilipo. Bwana akayamba kufunsa maganizo anu, musamubweze ndi kukhala chete, pakuti nayenso akuphunzira chinthu chachilendo ndipo akhoza kugwa mphwayi. Funsani pamene simunamve, paja safunsa anadya phula. Nenani msanga chikalakwika. Ndipo amene wakupatsani luso lake, musadzamuiwale tsiku limene mudzakhale ndi makina anu.

Tikumanenso m'kope likubwerali.